Galasi silisinthanitsa kumanja ndi kumanzere: yankho kwa wometa tsitsi wa pa Chitakale

Bambo wina amene amameta anthu pa Chitakale, ku Mulanje, wafunsa motere: "Ndinamata pepala la mitengo yometera pakhoma la kumbuyo kwa mpando kuti kasitomala aziliona pagalasi, koma malemba onse amaoneka otembenuka, osawerengeka. Ndikakweza dzanja lamanja, munthu wa m'galasi amakweza lamanzere. Tsono ngati galasi limasinthanitsa kumanja ndi kumanzere, bwanji silisinthanitsa mutu ndi miyendo? Nanga bwanji phiri likamaoneka m'madzi a m'damu la kuminda ya tiyi limakhala lozondoka?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha funso lanu. Pa zonse zimene ndimaphunzitsa m'fizikisi, nkhani imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa chida chake chili m'nyumba iliyonse ndipo munthu angathe kutsimikiza yekha popanda kudalira mawu anga. Ndiyambe ndi mfundo imene mwina muikana poyamba: galasi silisinthanitsa kumanja ndi kumanzere. Silisinthanitsanso kumwamba ndi pansi. Limatembenuza chinthu chimodzi chokha, kutsogolo ndi kumbuyo.

Mawa mukatsegula, musanalandire kasitomala woyamba, imani kutsogolo kwa galasi lanu lalikulu. Tiyerekeze kuti khomo lili kudzanja lanu lamanja ndipo zenera lili kumanzere. Lozani kukhomo. Munthu wa m'galasi naye akuloza kukhomo, osati kuzenera. Lozani kudenga, iye akuloza kudenga. Lozani pansi, naye pansi. Mpaka apa palibe chimene chatembenuka. Tsopano tambasulani dzanja kuloza galasi lenilenilo. Chala chanu chikuloza kukhoma la kutsogolo, koma chala cha mnzanuyo chikuloza kwa inu, kukhoma la kumbuyo kwanu kuja munamata pepala. Pa mbali zitatu zimene mwayesa, imodzi yokha ndi imene yasintha, ija yolowa ndi kutuluka pagalasi.

Ngati mumavala wotchi kumanzere, ionetsetseni bwino. Wotchi yanu ili mbali ya kuzenera, ndipo ya m'galasi ilinso mbali ya kuzenera. Sinasamuke ayi. Ndiye n'chifukwa chiyani mtima umaumirira kuti munthuyo waivala kumanja?

Vuto lili m'mene tinazolowera kuonera anzathu. Kuyambira tili ana, aliyense amene watiyang'ana maso ndi maso amakhala kuti watembenuka thupi lonse, mapazi ali pansi, mutu uli m'mwamba. Mnzanu akatembenuka choncho, dzanja lake lamanja limabwera mbali ya kumanzere kwanu, n'chifukwa chake popatsana moni manja amapingasana. Tsono mukaona nkhope ikukuyang'anani m'galasi, maganizo anu amafulumira kunena kuti uyu ndi ine amene ndazungulira kuseri kwa galasi n'kutembenuka. Mukanachitadi zimenezo, wotchi yanu ikanapita mbali ya kukhomo. Poti ya m'galasi yatsala kuzenera, mumaweruza kuti galasi lasintha manja. Koma kutembenuka kuja mwakupanga ndinu m'mutu mwanu, galasi silinatembenuze munthu aliyense.

Pali njira ina yoyang'anira kumbuyo imene sitiiganizira. Munthu angathe kugwira pansi ndi manja n'kuponya miyendo m'mwamba, kuima chadodolido, monga amachitira ana pabwalo. Akatero nkhope yake imayang'ananso kumene amachokera, koma dzanja lamanja limatsala mbali yomwe linali, ndipo chimene chasintha ndi mutu ndi miyendo. Tikanakhala kuti timatembenuka mwa njira imeneyo tsiku ndi tsiku, bwenzi mukundifunsa kuti n'chifukwa chiyani galasi limazondotsa munthu koma silisintha manja. China chimene chimathandiza kutisokoneza ndi thupi lathu lomweli: mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimafanana kwambiri, kotero n'kosavuta kutenga dzanja lina ngati linzake. Mutu ndi mapazi sizifanana, palibe amene angazisokoneze.

Tibwere ku pepala lanu. Mukaima kuyang'ana khoma la kumbuyo kuti muliwerenge, mwafulatira galasi, ndipo khomo lija tsopano lili kumanzere kwanu. Chilembo choyamba cha mzere chili kumanzere, ndiye kuti chili mbali ya kukhomo. Kasitomala akakhala pampando kuyang'ana galasi, khomo lili kumanja kwake. Galasi limasiya chilembo choyamba chija mbali ya kukhomo komwe chili, choncho iye amachiona kumanja, ndipo mzere wonse umayambira kumanja kupita kumanzere. Galasi lamuonetsa pepala asanatembenuke, pamene pepalalo linalembedwera munthu amene watembenuka kuliyang'ana.

Kuti mukhutire, chitani zinthu ziwiri izi. Lembani dzina la malo anu papepala lina, muligwire likuyang'ana inu, kenako mulionetse galasi. Muona kuti kuti galasi lilione, mwalizunguza nokha cham'mbali, ndipo malemba ayambira kumanja. Bwerezani, koma ulendo uno muligudubuze chakumwamba monga mmene timatsegulira tsamba la kalendala ya pakhoma. Malemba aoneka ozondoka, koma chilembo choyamba chikhalabe kumanzere. Galasi ndi lomwelo, chasintha ndi kagwiridwe kanu. Chachiwiri, tengani pulasitiki yoonekera, mulembepo ndi cholembera chakuda chachikulu, muinyamule kutsogolo kwa galasi osaitembenuza. Mawu muwawerenga bwinobwino papulasitikipo, ndipo m'galasi muwawerenganso bwinobwino. Ana a fomu 2 akaona zimenezi koyamba amakhala kaye chete, kenako aliyense amafuna kugwira yekha pulasitikiyo.

Chinthu chimene chimafanana kwambiri ndi ntchito ya galasi ndi chidindo cha amfumu. Mukachiyang'ana kunsi kwake, malemba ndi otembenuka, koma chikadinda pakalata amawerengeka. Chidindo sichisuntha chilembo chilichonse kupita mbali ina. Kadontho kalikonse ka inki kamangochoka parabala n'kugwera papepala pamalo amene kayang'anizana napo. Galasi limachita zomwezo ndi kuwala: chilichonse chimaoneka moyang'anizana ndi pamene chili.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene maso anu sananame. Dzanja lamanja likaonekera m'galasi limakhaladi ndi maonekedwe a dzanja lamanzere. Mukatembenuza mbali imodzi yokha mwa mbali zitatu za chinthu, kaya ikhale iti, chimene chimatuluka simungachigwirizanitsenso ndi choyamba chija ngakhale mutachizunguza bwanji. N'chifukwa chake nsapato ya kumanja m'galasi imaoneka ngati ya kumanzere. Nkhaniyi imafika mpaka ku tizinthu tosaoneka ndi maso. M'chaka cha 1848, Louis Pasteur wa ku France anapeza kuti mchere wina wochokera m'zotsalira za vinyo umapanga timiyala ta mitundu iwiri, wina uli ngati chithunzi cha m'galasi cha unzake, ndipo anatilekanitsa kamodzikamodzi ndi kopanira kakang'ono.

Nanga chithunzicho chimapangika bwanji? Diso silitulutsa kuwala, limangolandira. Anthu anatsutsana za mfundo imeneyi kwa zaka mazana ambiri, ndipo amene anaifotokoza mwadongosolo, ndi zoyesa zoti wina n'kubwereza, anali Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra, amene analemba buku lake la za kuwala ali ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu kumagwa pankhope ya kasitomala, kumabalalika mbali zonse, kwina kumafika pagalasi n'kubwerera. Kabwereredwe kake kali ndi lamulo limodzi losasintha. Ganizirani mzere woongoka wotuluka pagalasi ngati msomali wokhomedwa bwino. Kuwala kukafika mopendekeka madigiri 30 kuchokera pamzere umenewo, kumachoka mopendekeka madigiri 30 omwewo kumbali inayo. Mwana amene amasewera ndi chibenthu cha galasi, kuponya dzuwa pakhoma la mnzake, amagwiritsa ntchito lamulo limeneli. Akapendeketsa chibenthucho madigiri 10, kuwala kobwerera kumasuntha madigiri 20, n'chifukwa chake kadontho kowala kamathamanga kwambiri pakhoma ngakhale dzanja lasuntha pang'ono.

Ubongo sudziwa kuti kuwala kwakhota panjira. Umatenga kuti kwabwera molunjika, ndiye umalondola mzerewo chobwerera mpaka kuseri kwa galasi, n'kuika nkhope kumeneko. Mtunda wake umakhala wofanana ndendende: munthu akakhala mita imodzi kuchokera pagalasi, chithunzi chake chimaoneka mita imodzi kuseri, ndiye kuti pakati pa iye ndi chithunzicho pali mamita awiri. Apa ndi pamene pachokera kutembenuka kwa kutsogolo ndi kumbuyo kuja. Mphuno yanu ili pafupi ndi galasi kuposa makutu, choncho mphuno ya m'chithunzi nayo ili pafupi ndi galasi kuposa makutu ake, ndipo nkhongo ili kutali kwambiri. Zotsatira zake ndi munthu wokuyang'anani. Kuseri kwa galasiko kulibe kuwala kulikonse kumene kwafika, kuli khoma lanu la njerwa basi.

Mwina mudabwa kuti khoma lopaka laimu limawala kwambiri koma silionetsa nkhope. Nalonso limabweza kuwala kochuluka, ndipo kachigawo kalikonse kamatsata lamulo lomwe lija. Koma khoma ndi lokhakhala, tizigawo take tayang'ana uku ndi uku, motero kuwala kochokera pamphuno, pachibwano ndi pamalaya kumasakanikirana kusanafike m'diso. Kuti chinthu chionetse nkhope chiyenera kusalala mopitirira muyezo umene chala chingamve, chifukwa mafunde a kuwala ndi aang'ono zedi: pa milimita imodzi pamakwana mafunde pafupifupi 2,000.

Ndipo chimene chimakuonetsani nkhope si galasi loonekeralo kwenikweni. Kuseri kwake kuli kansalu kopyapyala kwambiri ka siliva kapena aluminiyamu, kotetezedwa ndi penti. Galasi la kutsogolo ntchito yake ndi kupereka malo osalala ndi kuteteza chitsulocho. Njira yomatira siliva pagalasi ndi mankhwala anaitulukira Justus von Liebig wa ku Germany mu 1835. Kalelo anthu a ku Egypt ankapukuta mkuwa mpaka kunyezimira, ndipo kudera limene lero ndi Turkey kunapezeka akalilole a mwala wakuda wa m'mapiri ophulika, a zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. Gunditsani nsonga ya chipeso pagalasi lanu, muona kuti siikhudzana ndi chithunzi chake, pamatsala kampata. Kampatako kakubwera chifukwa cha kukhuthala kwa galasi. Mukayang'ana cham'mbali muonanso kachithunzi kena kozilala pambali pa chenicheni. Kameneko kakuchokera pamwamba pa galasi, pamene pamabweza pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse a kuwala. Magawo 4 omwewo ndi amene amachititsa kuti zenera lisanduke kalilole usiku, m'nyumba mukayatsa getsi kunja kuli mdima. Ndinenepo pang'ono za mwambo wophimba galasi ndi chitenje mvula ya mphenzi ikamagwa: kachitsulo kopyapyala kaja sikaitana mphenzi. Galasi limangoonetsa kung'anima kumene kwalowa kale pazenera. Choopsa chenicheni ndi kubisala pansi pa mtengo kapena kukhala pamtetete.

Tsopano za phiri m'damu, zimene kwa ine ndi umboni wokongola kwambiri wa zonse ndanenazi. Madzi odekha ndi galasi logona chagada. Lamulo silinasinthe: chimene chimatembenuka ndi mbali yolowa ndi kutuluka pagalasi. Galasi likaimirira pakhoma, mbali imeneyo ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Likagona pansi, mbali imeneyo ndi kumwamba ndi pansi. Mitengo ya m'mphepete mwa damu ili pafupi ndi madzi, ndiye chithunzi chake chimaoneka pafupi ndi pamwamba pa madzi. Nsonga za phiri la Mulanje, limene pa Sapitwa limafika mamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, zili kutali kwambiri pamwamba pa madziwo, choncho chithunzi chake chimaoneka chakuya kuposa china chilichonse. Koma taonetsetsani tsiku lina: chigwa chimene chili kumanja kwa phiri chili kumanja m'madzimonso. Palibe amene amadandaula kuti damu lasinthanitsa kumanja ndi kumanzere. Mukafuna kuziona muli kuntchito, goneketsani galasi lanu lam'manja pansi n'kuweramirapo, muona denga lili pansi penipeni.

Madzi ali ndi khalidwe lina loti muzilidziwa. Mukayang'ana molunjika m'beseni, amabweza pafupifupi magawo awiri okha pa 100 a kuwala, n'chifukwa chake mumaona pansi pa beseni kuposa nkhope yanu. Mukayang'ana mopendekeka kwambiri, monga kutsidya kwa damu, amabweza kochuluka, ndipo phiri limaoneka bwino ngati lojambula. Izi zimatheka m'mamawa mphepo isanayambe. Kamphepo kakangodutsa, pamwamba pa madzi pamachita timafunde, kalikonse koyang'ana kwake, ndipo chithunzi chimasweka monga zimachitikira pakhoma la laimu lija.

Pepala lanu la mitengo lili ndi njira ziwiri. Yapafupi ndi kulimata kukhoma la kutsogolo, pambali pa galasi. Ngati mukufuna likhalebe kumbuyo, lilembeni motembenuza, monga mawu a AMBULANCE amalembedwera kutsogolo kwa galimoto zambiri zonyamula odwala kuti dalaivala amene ali patsogolo awawerenge pagalasi lake. Musavutike kulemba chobwerera ndi mutu. Lembani bwinobwino ndi inki yakuda papepala lopyapyala, litembenuzeni, ligunditseni pazenera masana, kenako mudutsitse cholembera m'malemba amene akuonekera kuseri. Mbali imeneyo ndiyo muiyang'anitse kugalasi.

Magalasi awiri amabweza zimene limodzi latembenuza. Mukamaonetsa kasitomala nkhongo yake ndi galasi lam'manja, kuwala kumagunda kawiri, ndipo malemba alionse oonekera mwa njira imeneyo amawerengeka bwino. Mukagunditsa magalasi awiri m'mbali mwake kupanga ngodya ya madigiri 90, ngati pakona ya chipinda, muona nkhope zitatu. Ya pakati, ya pamphambano penipeni, ndiyo nkhope yanu monga anthu ena amaionera. Yesani kupesa tsitsi mukuyang'ana imeneyo, dzanja lizipita kolakwika. Mukachepetsa ngodya kufika madigiri 60, nkhope zimakhala zisanu. Magalasi akayang'anizana, zithunzi zimandandalika mpaka kuzilala, ndipo zakutali zimaoneka zobiriwirako chifukwa galasi wamba lili ndi kachitsulo pang'ono m'kati mwake kamene kamameza mitundu ina ya kuwala pa ulendo uliwonse.

Izi zikukhudzanso madandaulo amene ometa ambiri amawadziwa. Munthu wakhutira pagalasi, koma mnzake akamujambula pafoni akuti mzere mwaudula mbali yolakwika, kapena akuti nkhope yake yaoneka yachilendo. Nkhope ya munthu siifanana ndendende mbali zonse ziwiri, ndipo imene mwini wake anaizolowera ndi ya m'galasi, pamene abale ake anazolowera inayo. Kamera ya kutsogolo ya mafoni ambiri imaonetsa munthu monga galasi pamene akudzijambula, ndipo mafoni ena amatembenuza chithunzicho posunga. Langizo langa ndi lakuti kasitomala akati "mzere ukhale kumanzere", musadalire mawuwo. Mupempheni akhudze ndi chala pamutu pake pamene akufuna.

Mukadzafuna kugula galasi loti munthu azidziona thupi lonse, musawononge ndalama pa lotalika ngati chitseko. Theka la msinkhu wa munthu limakwanira: wa masentimita 170 amafunika galasi la masentimita 85, bola m'mphepete mwake mwa kumwamba mukhale pakati pa maso ndi pamwamba pa mutu wake. Ambiri amakhulupirira kuti kubwerera m'mbuyo kumathandiza kudziona kwambiri, koma pagalasi lowongoka lokhomedwa bwino sizisintha kanthu. Tsinzinani diso limodzi, mulembe ndi kasopo pagalasi pamene pakuthera chibwano ndi pamene pakuthera tsitsi. Mukayeza mupeza theka la kutalika kwa mutu wanu, ndipo mukasendera m'mbuyo nkhope ikwanabe pakati pa zizindikiro ziwirizo.

Zonse ndafotokozazi ndi za galasi lowongoka. Lopindika lili ndi nkhani yakeyake. M'kati mwa supuni yonyezimira mumaoneka wozondoka, chifukwa kuwala kobwerera kumadutsana kusanafike m'diso lanu, pamene kumsana kwa supuni mumaoneka woimirira koma wamng'ono. Magalasi a m'mbali a njinga zamoto ndi galimoto nthawi zambiri amakhala otukuka ngati msana wa supuni kuti aonetse msewu waukulu, ndipo chifukwa cha zimenezo lole ya tiyi imene ili pafupi imaoneka ngati ili kutali. Anyamata a kabaza amene amabwera kudzameta kwa inu muziwakumbutsa zimenezi. Kwa inu, phunziro lake ndi lakuti galasi lopyapyala likapanikizidwa ndi misomali pakhoma losawongoka limapindika pang'ono, n'kumatalikitsa kapena kufupikitsa nkhope za makasitomala. Liikeni pathabwa lowongoka, ndipo posankha kusitolo muyang'anemo mzere wa chitseko kapena wa denga muli patali: ukaoneka wokhota, lisiyeni.

Chomaliza ndi chinyezi, poti kwanu kuno mvula ndi chiperoni sizisowa. Madontho akuda amene amayamba m'mphepete mwa galasi ndi chizindikiro chakuti madzi alowa kuseri n'kuyamba kudya kachitsulo kaja, ndipo pamene padyeka sipabwereranso. Musamathire madzi kapena mankhwala pagalasi penipeni kuti aziyenderera mpaka kunsi. Nyowetsani kansalu, pukutani, kenako muumitse m'mphepete monse ndi kansalu kouma. Pokhoma, siyani kampata pakati pa thabwa ndi khoma kuti mpweya uzidutsa, makamaka ngati khomalo limanyowa nthawi ya dzinja.